Chipukuta misozi pa ngozi: kodi Msilamu alandire kapena angoti ndi Qadar?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, ngozi za pamsewu ndi za pantchito zafika pafupifupi pakhomo lililonse. Wina wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza pochokera kumsika, wina wathyoka msana minibasi itagubuduzika pa msewu wa M1, wina makina amudula zala kufakitale, wina wagwa padenga akukhoma malata pa nyumba ya eni. Maliro akatha, kapena wovulala akatuluka m'chipatala, funso limene limafika kawirikawiri kwa ife ma Sheikh ndi lakuti: kodi ndi zololedwa kulandira chipukuta misozi? Ena amaopa kuti kutero ndi kukana chikonzero cha Allah. Ena amati ndi ndalama za magazi, sizidyedwa. Enanso amada nkhawa chifukwa ndalamazo zimachokera ku kampani ya inshuwaransi. Zotsatira zake, mayi wamasiye amatsala chimanjamanja, ana amasiya sukulu ndi madrasa, pamene gawo lawo lilipo ndipo palibe amene akukalitenga.

Yankho lathu ndi lakuti chipukuta misozi ndi haki ya munthu wovulazidwa kapena ya banja la womwalira. Chisilamu chidachikhazikitsa kalekale, ndipo malamulo a dziko lathu nawonso amachipereka. Chofunika ndi kuchifuna mwachilungamo, kuchipereka mokwanira ndi kuchigawa kwa eni ake enieni.

Kukhulupirira Qadar sikuchotsa udindo

Palibe Msilamu amene amakayika kuti chilichonse chimachitika mwa chikonzero cha Allah. Tsiku la imfa ya munthu lidalembedwa, ndipo palibe dalaivala amene angalifulumizitse kapena kulichedwetsa. Koma Allah yemweyo amene adatilamula kukhulupirira Qadar ndi amenenso adalamula kuti wopha mnzake mwangozi apereke dipo. Zikadakhala kuti ziwirizi zimatsutsana, sakadatilamula zonse.

Pali hadith ya m'buku la Imam Tirmidhi yonena za munthu amene adafunsa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ngati amange ngamila yake kapena aisiye n'kuyadzamira kwa Allah. Adauzidwa kuti aimange, kenako ayadzamire. Mwini minibasi amene akudziwa kuti mabuleki sakugwira bwino koma n'kuitulutsabe kukanyamula anthu, sadamange ngamila yake. Bwana amene amatuma antchito kuwotcherera zitsulo popanda zoteteza maso, sadamange ngamila yake. Ngozi ikachitika, anthu oterewa sangabisale kuseri kwa mawu akuti zidalembedwa. Qadar ndi chitonthozo cha wovulazidwa, si chobisalira cha wolakwa.

Dipo m'Qur'an ndi m'Sunnah

Mu Surah An-Nisaa, ndime 92, Allah adalongosola chigamulo cha munthu amene wapha mnzake mosafuna. Pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi dipo, limene pa Chiarabu limatchedwa diya, loperekedwa kwa banja la womwalira, pokhapokha ngati iwo eni atalikhululuka ngati sadaka. Chachiwiri ndi kaffara, yomwe idali kumasula kapolo wokhulupirira, ndipo amene sangapeze kapolo asale miyezi iwiri yotsatizana. Ndime yomweyo ikutchulanso womwalira wochokera mwa anthu amene Asilamu ali nawo pa pangano la mtendere, kuti banja lake nalonso lilandire dipo. Kwa ife amene timakhala mudzi umodzi ndi anzathu a zipembedzo zina, phunziro lake ndi loonekeratu: magazi a mnansi wathu amene si Msilamu si otchipa.

Sunnah idaika mlingo wa dipo la moyo pa ngamila 100, ndipo kwa anthu ogwiritsa ntchito golide lidali madinari 1,000. Kalata imene Mtumiki adatumiza ku Yemen kudzera mwa Amr ibn Hazm, Allah asangalale naye, idatchulanso malipiro a ziwalo: dzanja limodzi ngamila 50, phazi 50, diso 50, chala chilichonse 10, dzino 5, ndipo mphuno ikadulidwa yonse ndi dipo lathunthu. Malipiro a kuvulala amatchedwa arsh. Pa bala limene silidaikiridwe mlingo, maulama adati woweruza wachilungamo aliyeze mothandizidwa ndi odziwa, n'kutchula mtengo wake. Tikaona dokotala masiku ano akulemba kuti munthu wataya gawo lakutilakuti la mphamvu zake zogwirira ntchito, tidziwe kuti ganizo loyeza kuvulala si lachilendo m'chipembedzo chathu.

Ngamila 100 ndi chuma chambiri chimene munthu mmodzi sangachikwanitse. Ndi chifukwa chake dipo la kupha mwangozi lidaikidwa pa aqila, kutanthauza abale aamuna a mbali ya bambo a wolakwayo, kuti asonkherane. Umu ndi mmene Mtumiki adaweruzira nkhani ya amayi awiri a fuko la Hudhayl, pamene mmodzi adagenda mnzake ndi mwala, n'kumwalira pamodzi ndi mwana wa m'mimba mwake. Khalifa Umar ibn Al-Khattab, Allah asangalale naye, adagamula kuti dipo lotere lilipiridwe m'zaka zitatu. Cholinga cha dongosololi ndi chakuti banja loferedwa lisasowe haki yake chifukwa wolakwa ndi wosauka, komanso wolakwa mosafuna asasweke ndi ngongole.

Galimoto ndi njinga zamoto pamaso pa Shariya

M'nthawi ya Mtumiki kudalibe galimoto, koma maulama akale adalemba kale za wokwera chiweto chimene chaponda munthu. Pa maziko amenewo, bungwe la maulama a maiko a Chisilamu lotchedwa International Islamic Fiqh Academy lidakambirana za ngozi za pamsewu pa msonkhano wake wa ku Brunei mu 1993. Lidagamula kuti kutsatira malamulo a pamsewu amene satsutsana ndi Shariya ndi chikakamizo pa Msilamu, ndipo ngozi zoterezi zimalowa m'malamulo a kupha ndi kuvulaza, makamaka m'gawo la kulakwitsa mosafuna. Dalaivala amasenza udindo pa zimene waononga, kupatula ngati ngoziyo yadza ndi mphamvu imene sakadatha kuipewa, kapena yayambitsidwa ndi wovulalayo, kapena ndi kulakwa kwa munthu wina wachitatu. Ngati ziweto ndi zimene zachititsa ngozi, mwini wake amasenza udindo akakhala kuti adazilekerera.

Choncho liwiro lopyola muyeso, kupitirira galimoto ina pokhota, kunyamula anthu atatu pa njinga yamoto, kuyendetsa opanda laisensi kapena uku ukuyang'ana foni, si nkhani za apolisi okha. Ndi nkhani zimene munthu adzafunsidwa nazo pa Tsiku la Chiweruzo. Dalaivala amene wapha munthu mwa kulakwitsa kwake akumbukirenso kuti ndalama zikhoza kulipiridwa ndi ena, koma kusala kwa miyezi iwiri yotsatizana kuli pa iye mwini. Palibe kampani imene ingamusalire.

Nanga inshuwaransi?

Apa ndi pamene ambiri amakayikira. Ndi zoona kuti bungwe la maulama lomwe tatchulali lidagamula mu 1985 kuti inshuwaransi ya malonda ili ndi kusadziwika kwakukulu kumene kumaononga mgwirizano, ndipo lidalimbikitsa inshuwaransi yothandizana, imene masiku ano imadziwika ndi dzina lakuti takaful. Koma pali mbali ziwiri zoyenera kuzisiyanitsa.

Mbali yoyamba ndi ya mwini galimoto. Lamulo la pamsewu la dziko lino, Road Traffic Act la mu 1997, limakakamiza kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Maulama ambiri a nthawi yathu adati chimene boma lakakamiza, munthu salakwa pochitsatira. Msilamu amene akuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto yopanda inshuwaransi asadzinamize kuti akuteteza chipembedzo chake. Akuphwanya lamulo, ndipo tsiku limene adzagunde munthu, adzakhala alibe polipirira.

Mbali yachiwiri ndi ya wovulazidwa. Iye sadasaine mgwirizano ndi kampani iliyonse. Haki yake ili pa amene wamuvulaza, ndipo ngati wolakwayo ali ndi womulipirira, kulandira kwake ndi halaal. Ngongole ikabwezedwa kudzera mwa munthu wina, mwini ngongole salakwa poilandira.

Zimene lamulo likunena pa ngozi za pantchito

Lamulo lotchedwa Workers' Compensation Act la mu 2000 limati wantchito akavulala pa ngozi yochitika chifukwa cha ntchito komanso ali mkati mogwira ntchitoyo, womulemba ntchito ayenera kumulipira. Chofunika kuchidziwa ndi chakuti wantchito sachita kusonyeza kuti bwana adalakwitsa. Chokwanira ndi chakuti kuvulalako kwadza ndi ntchito. Lamuloli limakhudzanso matenda ena amene munthu amawatenga chifukwa cha mtundu wa ntchito yake, ndipo ndalama za chithandizo cha kuchipatala zimakhala pa wolemba ntchito. Amene wadzivulaza dala salandira kanthu.

Mlingo wake umawerengedwa kuchokera pa malipiro a pamwezi. Wantchito akamwalira, anthu amene amadalira iye amalandira malipiro a miyezi 42. Akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, amalandira a miyezi 54. Tiyerekeze munthu amene amalandira K150,000 pamwezi: pa imfa ndi K6,300,000, pa kulumala kotheratu ndi K8,100,000. Amene wataya chala kapena diso limodzi amalandira gawo la ndalamazi molingana ndi kukula kwa kulumala kumene dokotala walemba.

Nkhanizi zimayendetsedwa ndi Unduna wa za Ntchito kudzera kwa Kamishonala woona za chipukuta misozi cha antchito, ndipo poyambira pake ndi ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lanu. Wovulala adziwitse bwana wake mwamsanga, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asunge kabuku ka kuchipatala ndi mapepala osonyeza malipiro ake, komanso alembe maina a anzake amene adaona ngoziyo. Wolemba ntchito ali ndi udindo wokanena za ngoziyo ku ofesi ya za ntchito, koma akamazengereza, wantchito kapena abale ake apiteko okha. Kuchedwa kumaluzitsa mlandu.

Kwa abale athu amene ali ndi magolosale, magalaja, zigayo, malole ndi makampani omanga, tikukumbutsani kuti palinso lamulo la mu 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act, lolamula kuti malo a ntchito akhale otetezeka. Wantchito wanu ndi amana m'manja mwanu. Kumuchotsa ntchito atavulala, n'kumupatsa ya thiransipoti yokha kuti akachirire kumudzi, ndi kupondereza, ngakhale mutakhala mu safu yoyamba pa swala zonse zisanu. Mu hadith ya m'buku la Imam Bukhari, munthu amene wagwiritsa mnzake ntchito mokwanira koma osamupatsa malipiro ake watchulidwa mwa anthu atatu amene Allah adzatsutsana nawo pa Tsiku la Chiweruzo. Nanga kuli bwanji amene wamugwiritsa ntchito mpaka kutaya dzanja, n'kumutaya?

Zimene lamulo likunena pa ngozi za pamsewu

Pamsewu nkhani ndi yosiyana pang'ono, chifukwa wodandaula ayenera kusonyeza kuti dalaivala adayendetsa mosasamala. Apa mapepala awiri ndi ofunika kwambiri: lipoti la apolisi a pamsewu ndi lipoti la dokotala. Ngozi inenedwe kupolisi, nambala ya galimoto ndi dzina la kampani ya inshuwaransi zilembedwe, ndipo malisiti a mankhwala ndi a maulendo a kuchipatala asungidwe.

Lamulo limalola wovulala kusumira dalaivala, mwini galimoto komanso kampani ya inshuwaransi. Milandu yambiri imatha mwa kukambirana, ina imafika kukhothi. Poyeza chipukuta misozi, khothi limayang'ana ululu ndi kuvutika kumene munthu wadutsamo, zinthu zimene amatha kuchita koma tsopano sangathe, zipsera ndi kupunduka kwa thupi, ndalama zimene wataya chifukwa chosagwira ntchito, ndi zimene waononga pofuna chithandizo. Pa imfa, limayang'ana moyo umene wafupikitsidwa ndi thandizo limene odalira womwalirayo ataya. Ngati wovulalayo adalakwitsako nayenso, mwachitsanzo kudumpha msewu osayang'ana, ndalama zimachepetsedwa molingana ndi gawo lake. Kampani ya inshuwaransi imalipira kulekezera pa mlingo umene uli mu mgwirizano wake, ndipo zotsala zimagwera mwini galimoto ndi dalaivala.

Chenjezo lalikulu ndi nthawi. Mlandu wa kuvulala uyenera kukalowa kukhothi zisanathe zaka zitatu. Mabanja ambiri amataya haki yawo chifukwa chodikira malonjezo a pakamwa a mwini galimoto amene adagula nsalu ya sanda ndi thumba la ufa pa maliro, kenako n'kusiya kuyankha foni. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Amene ali ndi dandaulo pa kampani ya inshuwaransi angathe kukalitula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampaniwa, ndipo dandaulo pa loya limapita ku Malawi Law Society. Musasaine pepala lakuti mwalandira zonse musanalimvetse.

Kukhululuka ndi kwabwino, koma kuli ndi eni ake

Qur'an yatamanda kukhululuka, ndipo amene wasiya gawo lake chifukwa cha Allah ali ndi malipiro aakulu. Surah Al-Baqarah, ndime 178, ikulangizanso kuti wofuna malipiro awafune mwaulemu ndipo wolipira alipire mwaubwino. Koma kukhululuka kumachokera kwa mwini haki, ali wamkulu, wanzeru zake, ndiponso mosakakamizidwa. Malume kapena mwini mbumba sangaimirire pa maliro n'kulengeza kuti banja lakhululuka zonse, mkazi wa malemu asadafunsidwe. Ndipo maulama adanena momveka kuti woyang'anira ana amasiye alibe mphamvu yokhululuka gawo la anawo, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza chuma chawo, osati kuchipereka sadaka. Tisachititse manyazi mayi wamasiye amene wapita kukafunsa haki ya ana ake ngati kuti alibe imaan.

Ndalamazi ndi za ndani?

Mikangano yambiri imayamba cheke chikatuluka. Mu Shariya, dipo ndi gawo la chuma chamasiye, ndipo limagawidwa mwa malamulo a mirath. Poyamba Khalifa Umar ankaona kuti mkazi salandira gawo pa dipo la mwamuna wake, mpaka pamene Dahhak ibn Sufyan adamuuza kuti Mtumiki adamulembera kuti apatse mkazi wa Ashyam Ad-Dibabi gawo pa dipo la mwamuna wake. Umar adasiya maganizo ake n'kutsatira Sunnah. Choncho mkazi amalandira gawo limodzi mwa magawo 8 ngati malemu adasiya ana, kapena limodzi mwa magawo 4 ngati sadasiye. Ana ndi makolo a malemu ali ndi magawo awo odziwika. Ngongole za malemu zimayamba zabwezedwa.

Pamene khothi kapena ofesi ya za ntchito yatchula maina a anthu amene amadalira womwalirayo n'kuwapatsa magawo awo, ndalamazo ziperekedwe kwa iwowo, ndipo banja likhale pansi ndi Sheikh wodziwa mirath pamodzi ndi wodziwa malamulo kuti pasakhale woponderezedwa. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limaletsa kulanda chuma cha malemu, ndipo Surah An-Nisaa, ndime 10, yafanizira kudya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo ndi kudzaza moto m'mimba. Wachibale amene watenga chipukuta misozi cha ana a m'bale wake n'kugulira minibasi yake, adziwe chimene wameza.

Ngati munthu wavulala koma ali moyo, ndalamazo ndi zake yekha. Tikulangiza kuti zisathere pa zovala ndi maphwando. Munthu amene sangagwirenso ntchito adzadalira ndalama zimenezo kwa zaka zambiri.

Halaal isasanduke haraam

Monga mmene kumana munthu haki yake kulili tchimo, kutenga zimene si zako nakonso ndi tchimo. Pali anthu amene amalembetsa maina awo pa ngozi imene sadakwere nawo galimotoyo. Ena amapereka kangachepe kuti lipoti la kuchipatala likulitse bala, kuti kukalika kulembedwe ngati kuthyoka. Palinso madobadoba amene amazungulira m'zipatala kusaka ovulala, n'kuwalonjeza mamiliyoni akavomera kunama. Surah Al-Baqarah, ndime 188, yaletsa kudyerana chuma mwachinyengo ndi kuchigwiritsa ntchito pokopa oweruza. Mtumiki adachenjezanso kuti amene wapambana mlandu chifukwa cha kuthwa lilime, n'kupatsidwa cha m'bale wake, wapatsidwa chidutswa cha moto. Mawu akuti ndi ndalama za kampani, palibe amene akulira, si chifukwa chovomerezeka. Umboni wabodza uli m'gulu la machimo akuluakulu, kaya wonamiziridwayo ndi munthu kapena kampani. Nayenso amene adaona ngozi asabise umboni poopa kutaya tsiku kukhothi, chifukwa kukhala chete kwake kukhoza kumanitsa ana amasiye chakudya.

Udindo wa mizikiti yathu

Makomiti a mizikiti amagwira ntchito yotamandika pa maliro: kusambitsa, kuveka sanda, kuswalira ndi kuika m'manda. Ntchitoyi isathere kumanda. Pakhale anthu awiri kapena atatu odziwa kulemba amene angaperekeze banja kupolisi, kuchipatala ndi ku ofesi ya za ntchito. Ndipo pamene m'bale wathu wosauka wachititsa ngozi mosafuna ndipo alibe polipirira, abale ake ndi jamaa amusonkhere, potsatira chitsanzo cha aqila, kuti banja lovulazidwa lilandire ndipo iye amasuke pamaso pa Allah.

Tikupempha Allah atiteteze m'maulendo athu ndi pa ntchito zathu, achize ovulala, awachitire chisoni amene adatisiya pa ngozi, ndipo atipange kukhala anthu opereka haki za ena tisanafunsidwe. Allah ndiye Wodziwa koposa.